Kalata ya Mwana wa Mlonda

Mlembi wa pasukulu ina ya anamwino ankadzitama ndi chinthu chimodzi: akuti kalata ya wakuba ankaidziwa asanamalize mzere woyamba. Ndani akanatsutsa? Munthu watsegula makalata zaka makumi awiri, kuyambira a m'maenvulopu mpaka a pakompyutawa.

Chaka chathachi kunabwera fayilo yooneka ngati satifiketi ya wofunsira malo, koma mkati inabisa kachilombo. Itangotsegulidwa, makompyuta onse anangoti zii sabata yathunthu. Mpamene akuluakulu analemba ntchito katswiri wina wamkazi, amene aliyense ankangomuti Mawaya. Iyeyu anabweretsa pulogalamu yonunkhiza makalata, ndipo anthu a muofesi, pakamwa pawo posauma, anaitcha Galu.

"Galuyu sabwera akudziwa kanthu, mayi," Mawaya anauza mlembiyo. "Mumuonetse makalata akale zikwi zitatu. Yabodza muziidinda kofiira, yeniyeni kobiriwira. Iye adzapeza yekha pamene ofiirawo akufanana."

Sabata yoyamba mlembi ankawerenga iliyonse mpaka pansi, kuona ngati ikupempha nambala yachinsinsi kapena kukokera munthu kuti adine penapake. Koma zikwi zitatu si masewera. Maso anayamba kuwawa, tiyi kuzizirira m'kapu, ndiye anabwerera ku luso lake lija. Akuba ambiri ankayamba ndi kunyengerera, choncho kalata ikangoyamba kuti "Ndikupemphani modzichepetsa," iye kofiira basi, kwinako osawerenga. Anamaliza msanga, mkulu wa sukulu n'kumuyamikira pamsonkhano.

Galu ntchito ankaigwira, tisanamizane. Kalata iliyonse yomukayikitsa ankaiponya m'foda ina imene anthu anaitcha chitokosi, ndipo munalibe wosuzumiramo.

Itakwana nyengo yofunsira malo, mlonda wa pageti, bambo waimvi wosakonda zolankhula, anayamba kumudikirira mlembi m'mawa uliwonse, chipewa chili m'manja.

"Mayi, ya mwana wanga yafika? Tinatumizira pasitolo ya fotokope ija."

"Sinafike, bambo. Mwina analakwitsa adiresi."

Lolemba zomwezo, Lachiwiri zomwezo. Pofika Lachinayi mlembi anadutsa pageti foni ili pakhutu, chonsecho palibe amene ankamuimbira. Kalembera ankatsekedwa Lachisanu 4 koloko, ndipo dzina limene silinalowe linayenera kudikira chaka china.

Lachisanu m'mawa mlonda anamupatsira kapepala ka kusitolo kuja, kosonyeza tsiku limene anatumiza. Mlembi anakatengera kwa Mawaya, cholinga chake kungofuna umboni woti mlondayo amusiye. Mawaya anasakasaka, kenako n'kutsegula chitokosi.

"Nayi. Yagona muno masiku khumi."

"Ili ndi kachilombo?"

"Ilibe. Ilibenso podina paliponse. Dikirani Galu atiuze chimene anainunkhira."

Pagalasi la kompyuta panaoneka kalata ya mwana wamkazi wa mlondayo, mawu ena atapakidwa chikasu: ndikupemphani, modzichepetsa, mundikomere mtima, mwana wanu. Pansi pake panali makalata enanso makumi anayi ndi asanu ndi limodzi, onse oyamba chimodzimodzi.

"Koma galu wanuyu ndi wamwano!" anatero mlembi.

"Ine ndinangomumangira khola, mayi. Womuphunzitsa ndinu."

Mlembi anakhala pansi. Manyazi anamugwira, ndipo anali manyazi oyenera. Amene amalemba chonchi ndani? Si ana a anthu okhala ndi kompyuta pabalaza. Iwowo amangoti zikalata zanga ndi izi, basi. Olemba chonchi ndi amene amaima pasitolo ya fotokope bambo awo ali pambali, akuwauza kuti usaiwale ulemu. Akuba anangobera kalankhulidwe ka anthu amenewa, iye n'kulanga eni ake. Anakumbukiranso kalata imene iye mwini anafunsira ntchito yomweyi, mayi ake atamuimirira kumsana. Galu akanaiona, akanaiponya m'chitokosi.

Mawaya anatsitsa mawu. "Ya mlondayi ndingathe kuitulutsa mwakachetechete, palibe angadziwe. Koma enawa, mpaka abwana avomereze, ndipo afunsa kuti zinatheka bwanji."

"Nanga chaka chamawa?"

"Galu adzachitanso zomwezi, pokhapokha muwerengenso zikwi zitatu zija. Mpaka pansi."

Mlembi anayang'ana wotchi, anakonza kolala, n'kukagogoda kwa mkulu wa sukulu. Zimene anamva m'menemo sanauzeko munthu, koma anatuluka maso ali ofiira, chilolezo chili m'manja. Iye ndi Mawaya anatsegula makalatawo imodziimodzi pakompyuta yosalumikizidwa ndi ina iliyonse. Awiri analidi a akuba, imodzi mwa iwo inali ndi podina popempha nambala yachinsinsi. Ena onsewo anali a ana a anthu. Dzina lomaliza linalowa m'kaundula patatsala mphindi zisanu ndi ziwiri kuti 4 koloko ikwane.

Poweruka anapeza mlonda ataima pageti. Mkuluyo anavula chipewa, anaweramitsa mutu pang'ono.

"Mayi, ndikupemphani modzichepetsa..."

Mawuwo anamulasa mlembi pamtima. Anamugwira dzanja asanapitirize.

"Valani chipewa, bambo. Yafika. Inafika kalekale, wochedwa kuiwerenga ndine."