Dokotala Wopanda Jakisoni

Jamila atatsegula chitseko kuti akataye madzi otsukira makapu, anapeza khonde la bambo ake ladzaza anthu. Ena anakhala pamkeka, ena pamizu ya mtengo wa mango, ndipo mayi wina anali atayamba kale kumasula mwana kumbuyo. Onse anamuyang'ana akumwetulira.

"Mwadzuka bwanji adokotala?" anatero pamodzi ngati ana a sukulu.

Jamila anabwerera m'nyumba chafutambuyo, beseni lili m'manja, nkutseka chitseko ndi phazi.

"Ababa! Kunjaku kwagwanji?"

Che Latifu anatuluka kuchipinda akukonza chisoti kumutu. Anali atavala mkanjo woyera umene amautulutsa pa Idi pokha.

"Palibe chagwa. Odwala ako amenewo. Ndawauza kale kuti asalimbirane, woyamba kufika ndiye ayambe."

Jamila anali mphunzitsi wa anamwino pa koleji ina ku Zomba. Chaka chimenecho anali atayamba maphunziro a PhD, okhudza kaphunzitsidwe ndi katsogoleredwe ka anthu ogwira ntchito m'zipatala, ndipo ankaphunzira pa intaneti ndi yunivesite ina ya kunja. Lolemba limeneli kunali mayeso a pakamwa. Aliyense ankayenera kufotokoza ntchito yake pa laputopu, aphunzitsi akumuona ndi kumuponyera mafunso. Wojomba, kapena wosokonekera pakati, ankadikira chaka chinacho kuti abwereze kosi yonse. M'tauni magetsi ankangothimathima, ana ake awiri sadziwa kukhala chete, ndiye mayiyu anati athawire kwawo kufupi ndi Kachulu, kumene bambo ake ali ndi sola yamphamvu ndipo netiweki imagwira bwino pawindo loyang'ana kunyanja. Ati kuthawa phokoso kumeneko!

Anadziputira yekha. Tsiku limene anafika, bambo ake anamufunsa kuti PhD-yo ndiye chiyani. Iye, msana ukuwawa ndi mabampu a minibasi, anangoyankha mwachidule kuti, "Ndikamaliza azidzanditchula dokotala." Basitu. Che Latifu ndi munthu wogulitsa matemba, nkhani siigona m'kamwa mwawo. Lachisanu atangotuluka mumzikiti anaiwaza ngati mbewu ya mpunga, ndipo mawu oti "ndikamaliza" anagwera panjira. Pofika Lamulungu nkhaniyo inali itawoloka kale nyanja mpaka ku Chisi.

"Ababa, khalani pansi kaye," anatero Jamila. "Udokotala wangawu si wa jakisoni."

"Ooh, wa mapiritsi okha?"

"Ngakhale mapiritsi, ayi."

"Ndiye wa opaleshoni?"

"Ayi, Ababa. Ndi wa maphunziro."

"Asa! Dokotala wosabaya, wosapereka mankhwala, wosang'amba munthu. Nanga amatani, amangomwetulira?"

Jamila anafuna kuseka koma mtima unali m'mwamba. Panja mwana uja anayamba kulira, ndipo kuliraku sikunamusangalatse. Unamwino suchoka m'thupi. Anatula beseni, anadzikulunga mpango kumutu, nkutuluka.

Anawazungulira onse mofulumira. Ambiri anali a msana, a maso oyabwa, ena ongofuna kudzaona mwana wa Che Latifu atasanduka dokotala. Koma awiri anamudetsa nkhawa. Mwana uja thupi linali moto. Ndipo Che Alli, msodzi wokalamba, mnzawo wa bambo ake kuyambira ku unyamata, anali atabayidwa ndi munga wa mlamba kuphazi, mwendo utatupa mpaka m'bondo. Mkuluyo anakhala phee, atapanira tambala wamkulu wofiira m'khwapa.

"Agogo, mwendowu wakhala chonchi kuyambira liti?"

"Sabata yathayi. Ndimati ndipite kuchipatala, koma nditamva kuti Abiti Latifu abwera ndinati ndidikire wathu yemwe. Tambalayu ndi wanu."

"Iii, Agogo, mwendo uwu si wodikira nawo munthu!"

"Tafulumiraniko adokotala," analowerera Asiyatu, mayi wa pakamwa pakuthwa amene amayanika nsomba kudoko. "Ine ndasiya matemba pathandala, akhwangwala akuchita nawo ukwati."

Nthawi yomweyo foni inanjenjemera m'thumba. Anali Clement, mnzake wa m'kalasi wa ku Mzuzu. Uthenga wake unati anthu ayamba kulowa pa intaneti, ndipo Jamila ndi wachiwiri kulankhula. Tambala wa Che Alli anasankha mphindi yomweyo kuti alire, kulira kwake kogwedeza malata.

Jamila anathamangira m'nyumba, anakokera bambo ake kuchipinda.

"Ababa, ndikuopa. Ndikalephera lero, chaka chonse chapita m'madzi. Aphunzitsiwo akamva ana akulira, atambala akulira, anthu akugogoda, ine mutu uima. Ndipo awiri panjapo akufunika chipatala lero lomwe, osati ine. Ndilibe ngakhale bandeji m'nyumba muno."

Che Latifu anakhala pabedi, anavula chisoti nkumachitembenuza m'manja. Manyazi anawagwira, ndipo sanabise.

"Mwanangu, ndinalankhulatu pamaso pa Shehe. Anthu anandigwira chanza. Lero ndituluke ndikati chiyani? Kuti mwana wanga waphunzira mpaka imvi koma jakisoni sabaya? Andiseka mpaka ku Likangala."

Jamila anagwada pafupi nawo.

"Ababa, kumadrasa ana amawaphunzitsa ndani?"

"Mwalimu."

"Nanga mwalimuyo anamuphunzitsa ndani?"

"Funso lanji limenelo? Shehe."

"Ndiye Shehe akapanda kukhala pamkeka ndi tiana kumatiwerengetsa, mumati sadziwa kanthu?"

"Usachimwe iwe!"

"Ntchito yanga ndi imeneyotu. Ine ndimaphunzitsa obaya jakisoniwo. Panopa ndikuphunzira kuti ndizitha kuphunzitsa aphunzitsi awo, ndi kutsogolera sukulu zawo."

Che Latifu anamuyang'ana cham'mbali, monga amayang'anira munthu wodzagula nsomba amene akuti ku Limbe mitengo yatsika. Jamila anaona kuti mawu okha sakwana. Anaimba foni nkuika mokweza. Mbali inayo kunayankha mawu a mtsikana.

"Madamu! Ndi inuyo? Iii, ndaimirira kumene, Madamu!"

"Khala pansi Rachel. Ndili kumudzi. Ndikukutumizira anthu, koma awiri uwaone msanga: mwana watentha thupi kwambiri, ndi agogo ena mwendo watupa ndi munga wa mlamba."

"Abwere, Madamu. Ndiwauza akilinika, adokotala athu a pano, akhale tcheru. Ndiwaona bwinobwino monga munatiphunzitsira."

Foni itadulidwa, Che Latifu anali kukamwa yasa.

"Ameneyu si Rachel wa pachipatala pathupa? Amene amandikalipira za mchere uja?"

"Yemweyo. Anadutsa m'manja mwanga."

"Ndiye amati waimirira? Pafoni?"

"Mwamva nokha."

"Kukalipa kuja unamuphunzitsanso ndiwe?"

"Kumene kuja anabadwa nako."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anavala chisoti, anachikanikiza bwino, nkuimirira. Atafika pakhomo la chipinda anatembenuka.

"Koma ukamaliza adzakutchulabe dokotala?"

"Adzanditchula."

"Basi. Ndiye kuti sindinaname kwambiri."

Anatuluka pakhonde, anakweza dzanja. Anthu anakhala chete.

"Abale anga, pepani. Mwayenda ulendo wa chabe, ndipo wolakwa ndine. Ndinamva ndi khutu limodzi, linalo linali kumsika. Mwanayu si dokotala wa jakisoni."

"Nanga ndi wa chiyani?" anafunsa wina kumbuyo.

"Ndi Shehe wawo wa anamwino. Rachel yemwe uja akamva mawu ake amaimirira, ndadzimvera ndekha. Lero ali ndi mayeso, azungu akumudikira mu laputopu, ndiye pano pakufunika bata."

"Hee, Che Latifu!" anakuwa Asiyatu akuwomba m'manja. "Mwatisiyitsa ntchito kuti tidzaone mkanjo wanu wa pa Idi? Mawa mudzatiuza kuti mwagula ndege, tikadzabwera tidzapeza wilibala!"

Khonde lonse linafa ndi phwete. Che Latifu anaseka nawo, ngakhale thukuta linali kuyenderera m'khosi.

"Sekani, ndalandira. Koma amene akudwaladi anyamuke, tipitire limodzi kuchipatala. Ndikuperekezani ndekha."

Anatulutsa njinga yawo yonyamulira madengu a nsomba, anayala chiguduli pakaliyala, nkuthandiza Che Alli kukwera. Mayi wa mwana uja anamupezera kabaza kuti atsogole. Che Alli anatambasula manja kuti apereke tambala kwa Jamila.

"Ameneyo apite nawo," anatero Che Latifu. "Akatsala pano ayankha mayeso ndi iyeyo."

"Koma ndi mphatso ya adokotala."

"Adzadya akakhoza. Mugwireni kukamwa."

Jamila anathamangira kuchipinda, anaika laputopu patebulo la pawindo, anakonza mpango wake. Anayatsa kamera. Nkhope zinatulukira m'timabokosi, ya Clement ili pakona, ndipo woyamba kulankhula uja anali akumaliza kuyankha funso lotsiriza. Panja mawu a Asiyatu anamveka akuzimirira cha kudoko, akuwasereulabe Che Latifu.

Jamila anasuzumira pawindo. Bwalo linali mbee. Kumsewu, bambo ake ankakankha njinga mumchenga, atawerama, mkanjo woyera uja utayamba kale kufiira m'munsi ndi fumbi. Che Alli anali pakaliyala mwendo uli tantha, ndipo kagulu ka odwala kankatsatira pambuyo. Chipatalacho sichinali pafupi, dzuwa linali litakwera, ndipo aliyense wokumana nawo panjira ankaima kufunsa kuti dokotala uja wathera kuti. Jamila anawaona bambo ake akuima, kufotokoza, kusekedwa, nkupitiriza kukankha. Chifundo chinamugwira, ndipo anawanyadira koposa tsiku lina lililonse.

Mphunzitsi wamkulu, mayi wa magalasi, anatchula dzina lake. Anamufunsa m'Chingerezi ngati ali pamalo abata poti atha kulankhula popanda chomusokoneza.

Jamila anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, anakhala tsonga.

"Eya," anayankha. "Bambo anga akonza zimenezo."

Ndipo anayamba.