Lole Yoyatsa Nyali Masana

Lole ya a Malizani inali ndi matenda awiri. Oyamba anali kuwira: fani yoziziritsa injini inathothoka mapiko onse, ndiye loleyo ikangoyenda pang'onopang'ono inkafuka nthunzi ngati ketulo. Achiwiri anali mapepala. Chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu chinatha mphamvu kalekale, ndipo panalibe munthu wa maso awiri amene akanasaina china ataona matayala ake. A Malizani ankadziwa kuti tsiku limene abwana a pa rodibuloko adzaizungulire bwinobwino loleyo, idzakokedwa kupita kuseri kwa mpanda kumene magalimoto amalowa athunthu n'kumeramo udzu. Komatu loleyo ndi imene inkadyetsa nyumba yawo ku Chinsapo, potuta njerwa ku Njewa kupita kulikonse kumene munthu wakumba maziko.

Matenda awiriwa ankathandizana. Pozemba rodibuloko, a Malizani ankadzera njira za m'minda. Njira za m'minda sizithamangika, choncho lole inkawira, iwo n'kumaima pansi pa mtengo ndi chigubu cha madzi kudikira kuti mtima wa injini ukhale pansi.

Kumayambiriro kwa 2009 anatopa nazo, n'kupita nayo ku Biwi kwa Che Abdullah, makaniko wochokera ku Mangochi amene garaja yake inali mthunzi wa mtengo wa mango.

"Fani ya lole iyi simuipeza," anatero Che Abdullah. "Amene ankazipanga anamwalira, ana awo akugulitsa mafoni."

Analowa m'mulu wa zitsulo n'kutulukamo ndi fani yamagetsi. Anati inachokera m'minibasi imene inagubuduzika cha ku Kanengo, ndipo m'galimoto yonseyo chinatuluka chopanda bala ndi fani yokhayo. Anadula zitsulo ziwiri za bedi lakale, n'kuboola, n'kuimangirira kuseri kwa rediyeta. Pamene panakana bawuti anakulungapo waya. Atafika pa nkhani ya magetsi anakanda ndevu.

"Swichi ndilibe. Ndiilumikiza ku waya wa nyali zakutsogolo. Mukafuna mphepo, muziyatsa nyali."

"Masana?"

"Injini sidziwa kuti kunja kwacha, achimwene."

Sabata yomweyo mvula inagwa yosaona nkhope, njira za m'minda zinasanduka phala. A Malizani analibe kochitira koma kudzera msewu wa tala, njerwa zili pansi pa tenti, nyali zili ngwee dzuwa lili pamutu, lole ikukwawa chifukwa cha kulemera. Posakhalitsa anafika pa migolo ya pa rodibuloko. Bwana wamtali amene anali pa ntchito, dzina lake a Gwanda, anayang'ana nyalizo, anayang'ana tentiyo, kenako anavula chipewa, nakankha mgolo ndi phazi.

"Pepani ndi zovutazi, bambo."

"Zikomo," anayankha a Malizani, monga mmene aliyense woleredwa bwino angayankhire.

Anazindikira atayenda kamtunda ndithu. Anthu a panjinga ankatsika n'kumayenda chokankha. Amayi ogulitsa tomato ankasiya nkhani pakati. Ngakhale minibasi, imene sipatukira munthu wamoyo aliyense, inawapatukira. Lole yoyenda pang'onopang'ono itayatsa nyali masana, mu Lilongwe aliyense amadziwa chimene yanyamula.

A Malizani ankakonda kudziuza kuti tsiku loyambalo sananame. Tsiku lachitatu anathyola timaluwa pa mpanda wa aneba n'kutimangirira kutsogolo kwa lole. Sabata yachiwiri anali ataphunzira kugwetsa nkhope akangoona migolo patali, ndi kuikweza akaidutsa. Che Abdullah atawatumizira uthenga kuti swichi yapezeka, anayankha kuti aisungire wina amene akuifunitsitsa.

Linali Lachinayi, chakumasana, pamene a Gwanda anavula chipewa koma mgolo osaukankha.

"Taimani pambali, achimwene."

Anapita kumbuyo n'kukweza tenti. Anakhalako nthawi yokwanira kuti malaya a a Malizani amatirire kumsana.

"Njerwa," anatero atabwerera pa windo.

"Za kumanda, bwana. Zomangira m'kati."

"Zachulukatu."

"Anali munthu wathupi."

A Gwanda anagwedeza mutu mwachifundo. "Ndakhala ndikuwerenga. Mwezi uno wokha, ano ndi maliro anu a khumi ndi anayi. Ine ndimangokuvulirani chipewa ngati mlendo, osabwera n'kamodzi komwe kudzakhala nanu pansi. Zimandichititsa manyazi. Lero ndaweruka msanga, tipitira limodzi."

Asanamalize anali atatsegula kale chitseko, chimene chinkatseguka ndi waya, n'kukhala pampando, chipewa pa bondo.

"Zovutazi zili kuti?"

"Ku Kawale," anatero a Malizani, chifukwa ku Chinsapo ngakhale agalu ankawadziwa.

"Atisiya ndani?"

"Amalume."

Zaka zimenezo maliro sankasowa. Munthu sunkayenda misewu itatu osapeza masamba atayalidwa chopingasa msewu, abambo atakhala m'mbali mwa mpanda. A Malizani anawoloka mlatho ali ndi chikhulupiriro chonse kuti akangolowa mu Kawale, masamba awalandira okha. Koma tsiku limenelo Kawale anali wathanzi. Ana ankasewera mpira, mawailesi ankalira, ndipo pakhomo lina panali phwando la chinkhoswe. Anadutsa pa butchala imodzimodzi katatu, mpaka mwini wake anatopa kuvula kapusi.

"Mwaiwala kwa amalume anu?"

"Anasamuka posachedwa, bwana. Komanso maso sakuona bwino ndi misoziyi."

"Zimatero," anatero a Gwanda.

Kumunsi, kufupi ndi dambo, anawaona masambawo, obiriwira bwino, ongothyoledwa kumene. A Malizani sanasangalalepo ndi imfa ya munthu chibadwire, ndipo anadzudzula mtima wawo mpaka pamene anazimitsa injini. Abambo onse amene anakhala kunja anadzuka nthawi imodzi. M'nyumba munatuluka mayi wamfupi wovala bulauzi yoyera ya mpingo, chitenje atachimanga mwamphamvu m'chiuno. Anali Amayi Jemima, wapampando wa amayi, amene anthu a kumeneko ankati palibe maliro amanyamuka asanaloleze iwo.

"Ndinu a lole imene analonjeza abwana ofuna uphungu aja? Anati ifika eyiti koloko. Atitumizira malaya a nkhope yawo basi, ngati bokosi tikweza pa malaya."

A Malizani anatsika msanga n'kuwakokera pambali.

"Mayi, chonde. Ine ndine wachibale."

Amayi Jemima anawayang'ana kumaso, anayang'ana yunifolomu imene inkatsika mbali inayo, anayang'ana matayala. Anali atayendetsa maliro ambiri moti zinthu sankafuna kuuzidwa kawiri.

"Ngati ndinu wachibale, ndiye mukudziwa kuti kwanu ndi ku Ntcheu, kuseri kwa Tsangano."

"Ndikudziwa, mayi."

"Mukudziwanso kuti wachibale salipitsa."

A Gwanda anafika atagwira chipewa ndi manja awiri, nawerama pang'ono. "Pepani, mayi, ndi imfa ya amalume a bambowa."

"Zikomo, bwana," anatero Amayi Jemima osaphethira. "Agogo aakazi amenewa anali amalume a anthu ambiri."

Za njerwa palibe anafunsa. Abambo anapanga mzere n'kuzitsitsa zonse, ndipo poti mipando inali yoperewera, anazisanja m'mbali mwa mpanda n'kuzikhalira. A Malizani anaganizira za mwini njerwazo wa ku Area 25 amene amisiri ake ankazidikira chim'mawire, koma wachibale salankhula za malonda pamaliro. Anawalowetsa m'nyumba kuti akaone nkhope. Anali mayi wamng'ono thupi, wamakwinya abwino, ndipo a Malizani anaima pamenepo nthawi yoyenera.

Potuluka anapeza bokosi likukwezedwa, amayi akukwera pambuyo pake ndi mitolo yawo, nyimbo itayamba kale. Anapezanso a Gwanda akuizungulira lole, manja ali kumbuyo. Tayala lililonse ankaligogoda ndi nsonga ya nsapato. Atafika kutsogolo anavala magalasi n'kuwerenga kachiphaso kozilala ka pa galasi, mwezi ndi chaka chomwe, milomo ikuyenda. A Malizani anakwera, nakhala pampando, nagwira chiwongolero.

A Gwanda anatsamira pa windo.

"Lole yolimba," anatero. "Zingakhale zachisoni itaima."

"Zoona, bwana."

"Ine ku Ntcheu sindifika, mawa ndi ntchito. Koma mukabwerako musapite kutali. Apongozi anga ku Mgona madokotala awabweza kunyumba dzana. Ndiye kuntchito kwathu tilipo ambiri, aliyense ali ndi wake amene wagona. Ndiwauza kuti tapeza m'bale wamtima wabwino."

"Apongoziwo kwawo ndi kuti, bwana?"

"Ku Nsanje. Kumalire kwenikweni."

A Malizani analiza injini. "Msewu wake ndi wa tala?"

"Theka," anatero a Gwanda, akuvala chipewa.

Kumbuyo Amayi Jemima anamenya denga la lole kawiri ndi chikhatho kuti anthu azinyamuka.