Kasinja wa a Mahkam ndi uvuni wanga

Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkadzutsidwa ndi hamala ya a Mahkam. Nyumba zathu kuno kunja kwa mzinda wa Kokand zimalekanitsidwa ndi khoma limodzi la dothi, ndipo uvuni wanga wa buledi unatsamira khomalo. Anauumba malemu amuna anga chaka chomwe tinakwatirana.

Chimene a Mahkam ankamenyacho chinali galimoto yakale ya asilikali, yokokera mizinga, yoyenda pa matcheni. Mfuti inalibe, koma tonse tinkangoti kasinja. Anaitola kumunda wa thonje komwe inachitira dzimbiri, nkhuku zikuikiramo mazira. Inalowa pachipata chawo ilibe matcheni, itagona pa mapaipi, amuna khumi ndi awiri akukankha. Matcheniwo anabwera pambuyo pa ngolo ya bulu, chidutswachidutswa.

Ine ndinkawanyoza, sindibisa. Munthu wa imvi zake kugona pansi pa chitsulo tsiku lonse, girizi mpaka m'makutu. Chidutswa chilichonse cha tcheni ankachiviika m'dizilo sabata yathunthu, kenako n'kuchikwecha ndi burashi ya waya. Fungo lake linkafika mpaka mu mtanda wanga wa buledi. Ndikadandaula ankangoti pepani aneba, zatsala pang'ono.

Chifukwa chake tonse tinkachidziwa. Akulu awo, a Tursunali, anayendetsa galimoto yotere zaka zitatu ali msilikali, ndipo ndi iwo analera a Mahkam bambo awo atamwalira. Tsopano matenda a shuga anali atawatha maso, miyendo nayonso itayamba kukana. A Mahkam anawalonjeza kuti asanatsikire kulichete adzagwiranso zitsulo ziwiri zokhotetsera galimoto yotere.

Injini inalira mu Epulo. Tsiku lomwelo a Mahkam anazindikira kuti anaphonya. Pachipata anayeza, inde, koma anayeza galimoto isanavale matcheni. Itavala inanenepa ndi zikhatho ziwiri mbali iyi, ziwiri mbali inayo. Chipatacho sichikanagumulidwa chifukwa pamwamba pake pali chipinda chogona. Njira inatsala imodzi: kuboola khoma lathu, kudutsa pabwalo panga, n'kutulukira pachipata changa cha ngolo. Malo oboolawo ndi pomwe panali uvuni.

Anabwera mwaulemu, atanyamula paketi ya tiyi ndi mphesa zouma. Anamwa makapu atatu asanatchule chomwe anadzera. Ndinawafunsa ngati pa sipanala zonse zija analibe ndi tepi yoyezera yomwe. Ndinati uvuniwo ndi dzanja la amuna anga lokhalo lomwe latsala pakhomo pano, ndipo sugwa ine ndili moyo. Anagwira pamtima, anapepesa, n'kumapita.

Lachisanu atachoka ku mzikiti anabwera nawo a Tursunali pa njinga ya olumala. Ine ndinakwera pa ndowa kusuzumira. Amuna atatu anawanyamula kuwakhazika pampando wa woyendetsa. Mkuluyo anapapasa zitsulo zija, anatchera khutu ku injini, nanena kuti ikumwa mafuta ambiri, ndipo a Mahkam anathamangira sipanala ngati wotumidwa kumsika. Kenako mkuluyo anafunsa kuti tinyamuka nthawi yanji. A Mahkam anayamba kuzungulirazungulira, akuti lero mungokhalapo kaye achimwene, mumve mmene ikulirira.

"Mahkam, ine ku usilikali sindinali mlonda wa galimoto. Ndinali woyendetsa. Nditsitse," anatero a Tursunali.

Mawu amenewo ndinawaganizira masiku awiri. Lamulungu ndinakanda mtanda wochuluka ngati wa paukwati, ndinamata buledi m'makoma a uvuni maulendo anayi, ndipo nditachotsa womaliza ndinaitana pakhoma.

"A Mahkam, bwerani ndi piki yanu. Koma muyeze kaye, mwamva? Khoma lina ndilibe."

Pamene uvuni unkagumuka ndinalira, ndipo sindinalowe m'nyumba kukabisala. Amuna ogumulawo anadya buledi uja.

Panatsala funso lomwe tonse tinkaopa kulifunsa: munthu wosaona ayendetsa bwanji? A Tursunali anatiseka. Anati woyendetsa galimoto yotere saona zambiri ndi kale. Wolamula galimoto amakhala pamwamba kumbuyo kwake, n'kumamuponda: phewa lamanja, khotera kumanja, lamanzere, kumanzere, pakati pa msana, ima. A Mahkam anakanitsitsa. Kwathu kuno mng'ono salowa pakhomo patsogolo pa mkulu wake, sayamba kunyema buledi mkulu ali pompo. Ndiye amuponde?

"Ponda, iwe," anatero mkuluyo. "Mapewa omwewa unkakwerapo uli mwana, n'kumandikodzera m'khosi. Lero wayamba manyazi ndi phazi?"

A Mahkam anavula nsapato, anapukuta phazi ndi mpango wa m'chiuno, n'kuliika paphewapo ngati aponda dzira.

Galimoto inadutsa pabowo, inapera zotsala za uvuni, inalambalala mpesa wanga ndi chala chimodzi chokha, n'kutulukira kumsewu. Anapita mpaka pa mlatho wa ngalande n'kubwerera. Pobwera a Tursunali ankaseka, mano awo anayi onse ali pamtunda. Wolira anali wa pamwamba uja, amene ankaona.

A Tursunali anamwalira nthawi yothyola thonje. Amuna a m'dera lathu anachita dima, anamanganso khoma galimoto ili kale mkati, ndipo a Mahkam akuti siidzatulukanso. A Mahkam anandiumbiranso uvuni. Umapsereza buledi mbali imodzi, ndipo ndimawakumbutsa tsiku lililonse.

Khoma litatha a Mahkam anabwera ndi khasu kuti asalaze mizere iwiri yomwe matcheni anakumba pabwalo panga. Ndinawalanda khasulo. Posesa m'mawa mizereyo ndimangoilambalala.