Bambo wa Malaya Osita

Chibatizidwireni Vilay ndi mwamuna wake Khamphet, malonda awo pamsika wa ku Salavan anasiya kuyenda. Anthu ankanong'onezana kuti mu mpunga wake womata muli mankhwala a azungu. Ndiye bambo wina wa malaya osita atayamba kubwera, kugula nsomba yowotcha n'kukhala pabenchi akumuyang'anitsitsa, Vilay sanakondwe.

"Ameneyo ndi kazitape, amake Noy," anatero Khamphet tsiku lachiwiri. "Munthu wa nsapato zopolisha angadyere pabenchi yathu yothyokayi? Akakufunsani za Mulungu, mutseke pakamwa. Mwaiwala za Bounlieng?"

Bounlieng anali mlaliki wawo. Anagona m'chitokosi miyezi iwiri chifukwa chopatsa munthu Baibulo.

Tsiku lachitatu bamboyo anadikira kuti pachepe anthu.

"Mayi, si inu munkapempherera odwala kuchipatala mwezi watha?"

Khamphet anakhosomola dala uku akutembenuza nsomba. Kukana kunali kosavuta, pakuti tsiku la kuchipatalalo silinabale kanthu: odwala ena anatembenukira kukhoma, ndipo mayi wina anathira Vilay madzi kumaso n'kumuuza kuti atuluke ndi Mulungu wake wachilendoyo.

"Ndine," anayankha Vilay.

"Amene anakuthirani madzi uja ndi mkazi wanga, Douangchan. Madokotala amubweza kunyumba. Wandituma kuti ndikuitaneni."

"Kuti akandithirenso?"

"Mwina. Ndi wamakani ameneyo."

Khamphet anamugwira mkono, koma Vilay anavula epuloni. Baibulo analisiya pansi pa mtanga kuopa kuti angakamugwire nalo, n'kukwera njinga yamoto ya bamboyo. Njira yonse ankawerenga mphambano. Atafika pafupi ndi polisi njinga inachepetsa liwiro, iye n'kutsinzina. Bamboyo ankangozemba dzenje.

Anapeza Douangchan atagona pamkeka kunsi kwa nyumba yomangidwa pamwamba pa nsanamira, atawonda, m'mikono muli mbwee zingwe zoyera za mizimu. Oyandikana nawo anali atayamba kale kusuzumira pampanda, wina atagwira foni.

"Musaganize kuti ndalowa chipembedzo chanu," anatero wodwalayo. "Ndikungofuna kudziwa. Ndinakuchititsani manyazi pagulu, inu n'kungopukuta kumaso. Amakupatsani chiyani azunguwo kuti muzipirira chonchi?"

"Palibe mzungu ndinamuonapo, achemwali. Koma alipo amene anamulavulira malovu, iye n'kuwapempherera."

"Chitsiru chimenecho. Anali ndani?"

Vilay anayang'ana kumpanda kuja, kenako anakhala pansi n'kuyamba kufotokoza.

Sanamangidwe. Ankapitako Lachitatu lililonse mpaka mvula itayamba, ndipo Douangchan ankatsutsa chilichonse. Ulendo womaliza, atalephera ngakhale kudzuka, Douangchan anamukoka chovala Vilay akufuna kutsazika.

"Nkhani ya mwana wolowerera ija simunaimalize. Mkulu wake uja analowa m'nyumba kapena ayi?"