Seva ya kwa Mlamu

Pakhomo pa shopu yake, Morgan anatsitsa chimakinacho m'lole yake ngati akutsitsa mkwatibwi. Amuna anayi anachinyamula, iye ali patsogolo kukuwa, tayi ikuuluka paphewa, mpaka amayi ogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu wa Great East anasiya mabeseni awo kudzaona. Chinali chibokosi chachitsulo chotuwa, chofika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Pambuyo pake panatsika makompyuta awiri aang'ono, pulinta, ndi mtolo wa mawaya wopotana ngati matumbo a mbuzi.

"Iyi ni seva!" anatero Morgan, akuchimenya pamsana. "Ku Joni ninaiona, ku Dar ninaiona, ku Harare ninaiona. Manje ili m'nyumba mwanga, pa Rufunsa! Makompyuta ang'ono azayamba kuyamwa kuli iyi monga ana a nkhumba. Maleta anu onse, mayeso a kusukulu, vonse vizasungika muno."

Kumbuyo kwa gululo kunali Xavier Chitambala, mwamuna wa mlongo wake wa Morgan, atagwira njinga yake. Iye sanamve zonsezo. Maso ake anali pa chizindikiro chabuluu chimene chinali pambali pa bokosilo. Chinali chizindikiro cha kampani ya ku Lusaka kumene anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, mpaka pamene inatsekedwa mu 1996 katundu wake n'kukagulitsidwa ku okushoni.

Kuyambira ku Mpanshya mpaka ku Shikabeta, anthu ankamutcha Ba Injiniya. Bodzalo sanachite kulipanga tsiku limodzi, linakula lokha ngati dzungu pa dzala. Anauza mkazi wake Edness, amene anatsala kumudzi kulima chimanga, kuti amagwira m'chipinda cha makompyuta, ndipo zimenezo zinali zoona. Chimene sananene n'chakuti ankalowamo ndi tsache ndi kansalu. M'mawa ankachoka kunyumba atavala jekete, n'kukavala ovolo m'chimbudzi cha kuntchito. Chaka china Morgan, akadali mnyamata wa nsapato zong'ambika, anamulondola kukapempha ntchito. Xavier, poopa kuti aonedwa atavala ovolo, anakumana naye pageti n'kumuuza kuti, "Kuno safuna anthu opanda mapepala." Morgan anachoka, nakayamba kugulitsa salaula, zovala za kaunjika, nawoloka malire onse amene alipo, nabwerako ndi lole ndi mimba.

Jenereta inalira. Morgan anadina batani pamaso pa anthu onse. Chibokosicho chinalira katatu ngati kamwana ka nkhuku, kenako zii. Sikirini inakhala yakuda bii. Anthu anayamba kuseka.

Morgan sanachite manyazi. Anatembenuka, mano onse panja. "Museka chani? Tili na injiniya pa banja! Ba mulamu! Bwerani kuno. Si mwana wanu uyu? Muutseni."

Xavier akanatha kunena kuti malungo amugwira. Koma manja ake ankayabwa. Zaka zonse zija anapukuta bokosi limeneli kunja kokha. Injiniya weniweni akabwera, iye ntchito yake inali kugwira tochi, kuima chete, ndi kuyang'ana. Anayang'ana zambiri. Sanaloledwe kukhudza ngakhale sikuluu imodzi.

Anatsamiritsa njinga pakhoma. "Nipatseni sikuludiraiva," anatero.

M'kati anapezamo chisa cha mavu chomatirira pa fani, ndi fumbi lochindikala ngati bulangete. Anachotsa zonse ndi nthenga ya nkhanga. Anazula timatabwa tobiriwira ta memori, natuma kuti akabwereke rabala wa pensulo kwa aphunzitsi, n'kupukuta timano take tagolide mpaka tinawala, kenako anatibwezera kamodzikamodzi, kalikonse kakulira kuti khe. Atayatsanso, kulira kwa kamwana ka nkhuku kunatha, koma disiki, mmene mumakhala zonse zosungidwa, inkangong'ung'udza osazungulira. Inali itagona zaka ziwiri. Xavier anaitulutsa, naigwira ndi manja awiri, naipotokola mwamphamvu kamodzi ngati akupha nkhuku, monga anaonera injiniya uja akuchita. Ataibwezera inayamba kuimba, poyamba chapansipansi, kenako mokweza ngati ndege yonyamuka.

Tsiku lachiwiri makompyuta aang'ono aja anakana kuiona seva. Morgan ankalowa ndi kutuluka, botolo la mowa kumanja. "Ba Injiniya, ana akana bele? Kapena mapepala yanu yanasila mphamvu?" Xavier anatsata waya ndi zala kuchoka pa seva mpaka pa kompyuta yomaliza, napeza kuti kumapeto kwake kulibe kachipewa kachitsulo kamene kamatseka njira. Popanda iko, ankatero injiniya wa kukampani uja, mawu amathamanga m'waya n'kubwerera kudzasokoneza anzawo. Anakwera m'lole, nagwada, nafufuza m'zinyalala za chimanga mpaka anakapeza. Dzuwa la Okutobala linkaotcha malata, choncho anapachika masaka onyowa pamawindo kuti mphepo izilowa yozizira.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, zilembo zoyera zinaoneka pa masikirini onse atatu. Xavier anakhala pansi, thukuta likutsika, mtima ukugunda ngati wa mnyamata amene wavomeredwa. Moyo wake wonse sanasangalalepo chotero. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Morgan anaitana anthu: aphunzitsi, anamwino awiri, akatekisiti, ndi amalonda a pamsika. Edness naye anabwera kuchokera ku Mpanshya atavala chitenje chake cha kutchalitchi, nakhala pampando wakutsogolo.

Seva inali itaima pa mzere umodzi. Inkafuna mawu achinsinsi.

"Apa ndiye pa mayeso," anatero Morgan. "Munthu wamba sangazibe. Koma injiniya wa kampani, ah! Ba mulamu, tsegulani."

Xavier ankawadziwa mawuwo. Analembedwa pa kapepala komata pansi pa kiyibodi, ndipo iye ankanyamula kiyibodiyo m'mawa uliwonse popukuta tebulo. Ankadziwanso zimene makinawa ankasunga: mayina a antchito onse, aliyense ndi udindo wake. Akanena kuti waiwala, anthu akanaseka pang'ono, disiki ikanafufutidwa, nkhani ikanathera pomwepo. Anayang'ana Morgan. Morgan ankamuyang'ana ngati mphaka amene watseka kale dzenje.

"Papita zaka," anatero Xavier.

"Mwaiwala? Injiniya? Kapena sanali kukuuzani?"

Edness anadzuka theka. "Iwe Morgan, usanyoze alamu ako. Makina ako anali mtembo, auukitsa ndi iwo." Anatembenukira mwamuna wake, nkhope ikuwala. "Lembani, atate ake a Nelly. Muonetseni."

Chipinda chonse chinamuyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba ulemu umene unali m'maso mwawo unali wake ndithu, wa ntchito ya manja ake. Anaufuna wonse, mpaka kumapeto. Mwina Morgan sadziwa pofufuza, anadzinamiza. Ndi chala chimodzi analemba zilembo zisanu ndi chimodzi.

Seva inatseguka. Anthu anaomba m'manja, Edness analulutira.

Morgan anasuntha Xavier pampando ndi chiuno, natulutsa kapepala m'thumba la shati. Kalaliki wina wa ku okushoni anali atamulembera mabatani oyenera kudina. Sanasochere ngakhale kamodzi. Mayina anayamba kutsika pa sikirini ngati nyerere.

"Tiyeni tione mabwana. Chanda... Chileshe... Chitambala! Xavier Chitambala." Anatsokomola, naimirira, nawerenga ngati wansembe pa guwa. "Udindo: kilina. Wosesa, anthu a Mulungu! Zida zopatsidwa: ovolo ziwiri, tsache, ndowa." Anaika dzanja pachifuwa. "Ba mulamu, nikhululukireni. Nenze sinizibe kuti tsache nayo ifuna mapepala."

Kunayamba kuseka mnyamata wogulitsa makala pakhomo, kenako anamwino, kenako chipinda chonse. Mphunzitsi wina anagwira khoma. Akatekisiti anayesa kuyang'ana pansi, koma mapewa awo ankagwedezeka. Ndipo Xavier sakanatha kukwiya, pakuti mlamu amaloledwa kuseka mlamu wake, wokwiyayo ndiye amaoneka wopanda khalidwe. Anakakamiza milomo yake kumwetulira.

"Ni nthabwala chabe, ba Injiniya," anatero Morgan, akudina batani lina. "Tiyese na pulinta."

Pulinta inakuwa ngati macheka, mzere ndi mzere, osadumpha chilembo. Waya wake anali ataulumikiza bwino Xavier yemweyo. Morgan anang'amba pepalalo, napempha msomali, nakalikhoma pa chitseko cha shopu, mbali yoyang'ana kumene amaima maminibasi.

Edness sanaseke ndipo sanalire. Anakonza chitenje chake, natuluka. Xavier anamupeza pa msewu, naimitsa njinga kuti mkaziyo akwere pa kaliya monga mwa masiku onse.

"Amake Nelly."

"Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi," anatero Edness osamuyang'ana. "Ndinakangana ndi amayi anga chifukwa cha inu. Tsache ndikanalilandira, nanenso ndimasesa. Koma mwandisiya ndilulutire pamaso pa anthu."

Anayamba kuyenda wapansi m'mbali mwa phula. Xavier anakankha njinga pambuyo pake, osayerekeza kumupitirira kapena kufanana naye. Kumbuyo kwawo Morgan ankauza anthu za Dubai, mawu ake akukwera pamwamba pa jenereta. Wopusa anaomba ng'oma, wochenjera navina.

Basi ya ku Chipata inawadutsa, niwathira fumbi onse awiri. Edness anaphimba kumaso ndi chitenje, ndipo ngakhale fumbi litakhazikika sanachichotse.