Chidindo Chong'aluka

Ntchito ya mayiyu inali yoti ukawafotokozera anthu m'basi amangokuseka. Ankayesa ndalama zachitsulo zakale, zija anthu ena amasunga m'timabokosi m'malo mogulira zinthu, n'kuzipatsa giredi. Anzake pa ofesi ankangomutcha Diso. Tsiku lonse ankakhala atawerama pansi pa nyale, magolovesi oyera m'manja, kagalasi kokulitsa zinthu padiso. Tsoka kwa iwe ukagwira ndalama pamimba ndi chala chosavala m'malo moigwira m'mbali! Ankakukalipira ngati wamupondera mwana.

Tsiku lina m'mawa kunabwera dokotala wa mano, kasitomala wakale, munthu wolongolola ngati wailesi.

"Achemwali, tandionereni iyi. Anzanga akuti yangokandika, ine ndikuti ndi cholakwika cha kufakitale. Mukanena kuti yakandika ndikomoka pompano, mundinyamula nokha."

Diso anaiika pansi pa nyale. Inali yonyezimira bwino, yosayendapo m'manja mwa anthu, koma kuchokera pa phiko la mbalame ya pandalamapo kukafika m'mphepete panali kamzere kopyapyala ngati tsitsi. Kenako anawerenga chaka chimene inasulidwa.

Chaka chimenecho ankachidziwa kuposa chaka chake chobadwa. Bambo ake ankayendetsa makina pa fakitale yosula ndalama, iye ali ku pulayimale, ndipo m'makina awowo munatuluka ndalama zamzere. Mabwana anati bamboyo ankabwera ataledzera n'kumakanda ndalama ndi chitsulo potokosa makina. Bamboyo anati ayi, chidindo chimene chimaumba nkhope ya ndalama chinali chong'aluka, ndipo anali atawauza kale akapitawo. Koma ndani akanawamvera? Chidindocho chinasowa, ndalamazo zinasungunulidwa, munthu n'kuchotsedwa ntchito. Mowa umene ankawanamizirawo anadzauyamba pambuyo pake. Kunyumba nkhaniyi inkabwera pa chakudya chilichonse, mpaka tsiku lina Diso, ali mtsikana wapakamwa, anawayankha kuti, "Ababa, ngati munalakwa ingovomerani, tipumeko." Bamboyo sanaitchulenso.

Tsopano imodzi mwa ndalama zija inali itapulumuka, ili apa. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta kwa wodziwa. Kukanda kumakumba kangalande, chitsulo chimalowa m'kati, ndipo giredi imagwa chagada. Koma chidindo chikang'aluka, chitsulo chimathamangira mumng'alumo, mzere umatuluka wotumphuka, giredi siitsika, ndipo osunga ndalama amachita kulimbirana.

Anaipendeketsa pang'ono. Kamzereko kanaponya kamthunzi kumbali. Anaitembenuza, anayang'ananso. Kanali kotumphuka.

"Ndi ya kufakitale," anatero. "Chidindo chinali chong'aluka."

Dokotala anawomba m'manja, anavina pang'ono, anaimbira foni anzake aja kuti abweze mawu awo. Diso anadikira kuti nayenso asangalale, kapena alire, koma mumtima munalibe kanthu. Anangomva kuti nyale ikumuotcha pachipumi.

"Adokotala, mungandibwereke mpaka mawa? Ndisanaitsekere m'pulasitiki pali munthu ayenera kuiona."

"Inuyo? Tengani. Ndalama ikakhala ndi inu ili m'manja mwa amake."

Bambo ake ankakhala kwa mlongo wake wa Diso, m'kachipinda kakumapeto konunkha mankhwala opaka. Mutu unali utayamba kale kuwasokonekera. Mlamu wake ndiye anatsegula chitseko, manja ali thovu lokhalokha.

"Mwabwera tsiku loipa, alamu. Lero sakudziwa aliyense. Ine anditcha anamwino, achimwene anu awafunsa ngati abwera kudzakonza mpope."

Diso anapeza bambo ake atakhala pampando pafupi ndi zenera, juzi atalivala chotembenuza. Anamulonjera mwaulemu, ulemu uja timapatsa mlendo.

"Ababa, ndine. Ndakubweretserani chinthu."

Anavala golovesi, anatulutsa ndalama ija m'kabokosi, naigwira m'mbali pafupi ndi maso awo. Bamboyo anangoitsomphola. Anaiika pachikhato, chala chachikulu, chamafuta opaka chija, n'kuyamba kuyenda pamimba pa ndalama ya mwini wake. Diso anaona zonse. Pakamwa panatseguka, koma mawu aja amakalipira nawo anthu sanabwere.

Chala chinafika pa phiko la mbalame n'kuima. Chinabwerera, chinapitanso. Msana wa mkuluyo unawongoka.

"Imitsani makina!" Mawu anatuluka amphamvu, a munthu wa pantchito. "Chidindo chang'aluka ichi. Mayi, musangoima, thamangani mukawauze akapitawo tisanaononge zambiri."

"Ndawauza, ababa."

"Ndiye akuti bwanji?"

Diso anagwada pafupi ndi mpando. Mawu amenewa anayenera kuwanena kalekale, ndipo anawanena pang'onopang'ono kuti alowe.

"Akuti munkanena zoona. Simunakande ndalama, simunaledzere. Mulibe mlandu, ababa. Inenso ndinalakwa."

Bamboyo anamuyang'ana. Kenako anamwetulira, kumwetulira kwa munthu amene sakufuna kukhumudwitsa mlendo.

"Mlandu wanji, mayi?"

Anamubwezera ndalamayo, n'kutembenukira kuzenera kumene mlamu uja ankayanika zovala. Diso anakhalabe chogwada mpaka mawondo anachita dzanzi. Anadzuka, anawavula juzi lija n'kuwaveka bwino, iwo akuthokoza kwambiri.

M'mawa mwake anaiikanso pansi pa nyale. Pa phiko la mbalame, modutsa kamzere kaja, panali mizere ya chala cha bambo ake, yooneka bwinobwino. Mafuta a chala amadya chitsulo, ndipo kupukuta kumangowonjezera zilonda. Zimenezi iye ndiye ankaphunzitsa ena. Anatsitsa giredi ndi sitepe imodzi, naimbira dokotala kumuuza kuti wolakwa ndi iyeyo, alipira. Dokotala anakalipa mpaka foni inatentha, Diso akungoti, "Eya, adokotala. Pepani, adokotala."

Mnzake wa tebulo loyandikana anasuzumira. "Iwe Diso, chala ichi n'chandani? Bwanji osayesa mankhwala otsukira ndalama chisanakhazikike? Mwina chichoka."

"Chisiye," anatero Diso.

Anaika ndalamayo m'pulasitiki mmene inalilimo, nakanikiza chotsekera.