Kamera ya Areesha

Mehrunnisa anaphunzitsa zaka zisanu ndi zinayi pasukulu ya atsikana mumzinda wa Multan popanda mwamuna wachilendo kuona nkhope yake. Akangolowa pageti ankavula chophimba kumaso n'kuchiika m'chikwama, poti mkatimo munali akazi okhaokha. Mliri utafika, theka la kalasi linkabwera kusukulu, theka lina linkatsatira pafoni lili kunyumba. Iye anapitiriza kuvula chophimba chija monga kale, n'kumatsitsanso masiki kuti akumbuyo amve. Sizinamufikire m'mutu kuti kamera imene inkamuonetsa pamafonipo yalowetsa m'kalasi abambo ndi alongo a ana onsewo.

Chithunzi chake chinazungulira mafoni a dera lonse: kukamwa yasa, choko m'manja, pansi pake mawu oti sitingawabwereze pano. Sabata isanathe, amayi a Tauqeer, mwamuna amene anamutomera, anafika ndi bokosi la maswiti, namwa tiyi mwaulemu wonse, napempha mphete yawo. Ulemu wa anthu otere umawawa kuposa mbama.

Wojambulayo anali chitsiru, sanadule ngodya ya chithunzicho. Pamenepo panali dzina la mwini foni: Areesha Gilani, mwana wanzeru kuposa onse m'kalasimo. Aliyense ankamudziwa mlongo wake Junaid, lova longokhalira kutosatosa mafoni a eni. Mehrunnisa sanakayike kuti ndi Junaid amene anachita zimenezi. Koma Junaid sanali m'kaundula wake.

Lolemba Mehrunnisa analengeza lamulo lakuti aliyense wa kunyumba aziyatsa kamera, nkhope ioneke poyera, apo ayi alembedwa kuti wajomba. Ankadziwa chimene akuchita. Bambo a Areesha analola mwana wawo kuphunzira pafoni pokhapokha kamera ikhale yozimitsa, ndipo pasukulupo wojomba masiku makumi atatu sankaloledwa kulemba mayeso omaliza.

M'mawa uliwonse ankaitana dzinalo molikoka, kulimva kukoma. Kabokosi kakuda ka Areesha pakompyuta kankayankha kuti alipo, iye n'kulemba ndi cholembera chofiira kuti palibe. Areesha anatumiza mauthenga opepesa, anatumiza ntchito yopanda cholakwa ngakhale chimodzi, koma sanayankhidwe. Aphunzitsi aakulu atafunsa, Mehrunnisa anawauza kuti ana ena amangosiya foni pamtsamiro n'kubwerera kukagona, ndipo iwo anavomereza. Tisaname, zinkamukomera. Ankafuna kuti nyumba imeneyo ilawe manyazi amene iye ankadya nawo mpunga tsiku ndi tsiku.

Tsiku la makumi atatu anaitana dzinalo cholembera chili kale papepala. Kabokosi kaja kanayaka. Areesha anali m'khitchini, wopanda chophimba, foni ataitsamiritsa pa botolo la mafuta.

"Ndilipo, Madamu," anatero motsitsa mawu. "Ndijambuleni. Mutumize kulikonse kumene mukufuna kuti tifanane. Koma chonde mulembe kuti ndilipo."

Mehrunnisa asanayankhe, chitseko chinatseguka kumbuyo kwa mtsikanayo.

"Iwe, nkhope imeneyo ukuonetsa ndani?" Anali mawu a Junaid, okwiya ngati munthu wosunga mwambo kuposa onse mu Multan. "Dikira Abbu amve." Ankanena bambo awo.

Dzanja linaphimba kamera, kabokosi kanazima.

Mehrunnisa analemba kuti alipo. Anafufutanso zofiira zonse makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, mpaka pepala linabooka.

Mawa lake dzina la Areesha silinatuluke pakompyuta. Lachisanu kunabwera kalata ya mizere iwiri yochokera kwa bambo ake, yothokoza sukulu ndi kunena kuti mwanayo waphunzira mokwanira. Masana ake, Mehrunnisa akudikira basi ataphimba nkhope, anamuona Junaid pashopu ya tiyi, mwendo pampando, akuseka ndi anzake. M'manja anali ndi foni ya Areesha.